Rimoti ya Ababa

Achimwene ake anaimba foni m'mawa, Nasipanala asanakweze n'komwe zipangizo m'galimoto. Anati geti lake lija lagunda bambo awo dzulo, agwa, ndipo kuchipatala awasoka pamwamba pa diso. Mawu oti "geti lako" anawatchula mokanikiza, ngati getilo linali galu wa Nasipanala amene wadula unyolo.

Dzina loti Nasipanala anamupatsa ndi makasitomala. Ntchito yake inali yoika ndi kukonza mageti a mota, otseguka okha aja, ndipo sipanala sinkachoka m'thumba la ovolosi yake. Kwawo ankangoti Mzime, poti ndiye anali womaliza kubadwa. Geti la kwa achimwene akewo analiika yekha chaka chimene mayi awo anamwalira, bambo n'kusamukira kumeneko. Linali lachitsulo, lolemera, loyenda chammbali pa njanji, ndipo chiliikireni linavutapo kamodzi kokha, nalimata atalowa m'bokosi la mota n'kupsera pa mawaya.

Atafika kumeneko anawapeza achimwene ali kale m'galimoto, injini ikulira, galasi atatsitsa theka. Anayankhula maso ali pa chiwongolero. Anati iwo ndi akazi awo agwirizana kuti bambo asamatulukenso okha. Koma kuwalanda rimoti sikungatheke, poti anaimangirira pakhosi ndi chingwe cha nsapato, amagona nayo, ndipo posamba amaikoleka pamsomali pomwe angamaione.

"Ingoifufuta m'mota mwakomo. Akadina isagwire. Akafunsa uwauze kuti yafa, ndipo zamtundu umenewo zinasiya kubwera m'masitolo."

"Nanga inu simungawauze nokha kuti asamatuluke?"

"Ndachedwa, Mzime. Kuntchito kuli msonkhano."

Anadina rimoti yawo, geti linatsetsereka, galimoto n'kutuluka. Nasipanala anaona kuti sanacheukire kukhonde kumene bambo anakhala. Sikunali kuipa mtima. Munthu wamkulu wathunthu, wa imvi m'ndevu, ankaopa pulasitala ya pankhope pa bambo ake.

Bambowo anali dalaivala wa malole moyo wawo wonse. Sitiroko itawagwira, mwendo wamanzere unayamba kukhwekhwereza ndipo dzanja la mbali yomweyo linasanduka mlendo. Makiyi a galimoto anapereka okha dokotala atanena. Kiyi wa nyumba yawo yakale anali kale m'manja mwa munthu wa lendi. Chimene chinawatsalira chotsegula khomo chinali karimoti kameneko. M'mawa uliwonse ankadina, n'kutuluka, n'kuyenda ndi ndodo yawo mpaka pakona pomwe panali shedi ya womata matayala. Pamenepo panali benchi, ndipo ankakhalapo mpaka dzuwa lifike paliwombo, kudzudzula dalaivala aliyense wodutsa: uyu akuwotcha kilatchi, uyo laisensi anachita kutola pamsewu, winayo akaphunzire kaye wilibala.

Nasipanala anakawapatsa moni pakhonde. Diso linali lotupa, pulasitala itaphimba nsidze yonse.

"Geti lako lilibe mwambo, Mzime," anatero. "Limapitirira munthu osaliza n'komwe hutala."

Anaonjezera kuti linabwera nthawi yake isanakwane, kuti mota yakeyo yayamba misala, aione bwino. Ponena zimenezi sankamuyang'ana m'maso, ankayang'ana sipanala ya m'thumba.

Iye anayamba ndi ntchito, poti chitsulo sichinama ngati anthu. Anamasula loko wa mota ndi kakiyi kake n'kulikankha getilo ndi dzanja limodzi. Linayenda myaa, osakakamira paliponse. Mawilo anali bwino. Mano a m'munsi mwa geti onse analipo ndipo ankalumana bwino ndi giya ya mota. Anasesa timiyala ndi masamba m'mbali mwa njanji. Atavundukula bokosi anapeza nyerere zitayamba mudzi pansi pa batire, anazisasa ndi kaburashi, koma batirelo linali ndi mphamvu zake zonse. Kenako anapita pa timaso, timabokosi tiwiri toyang'anizana pa zipilala za kunja, timene timaletsa geti kutseka chinthu chikakhala pakati pawo. Anatipukuta fumbi, anadina, ndipo geti lili m'njira anaika phazi pakati. Linaima n'kubwerera. Pomaliza anaima yekha panjira pake n'kulisiya limugunde paphewa. Linamukhudza n'kubwerera, monga momwe analitcherera. Kukankha kwake kunali ngati kwa munthu wopempha njira mumsika. Kwa iye sikanali kanthu. Kwa nkhalamba yoima ndi mwendo umodzi ndi ndodo, kunali kokwanira.

Ali chiimire pomwepo anaona kuti timaso sitinamuone. Anatiikira galimoto, chinthu chachitali chimene mphuno ikadutsa mchira umakhala ukadali m'njira. Munthu woima panjanji penipeni, thupi lili cham'kati, ankatsala kumbuyo kwa mzere wa timasoto. Komabe munthu angaimirenji panjanji mpaka geti kutopa kudikira? Nasipanala anali ndi lamulo lake pa ntchitoyi. Nthawi yoti geti lidikire lisanadzitseke sankaitenga m'buku. Ankaitanitsa munthu woyenda pang'onopang'ono kuposa onse pakhomopo, kaya ndi gogo, kaya ndi mayi woyembekezera, adutse iye akuona, kenako n'kuonjezerapo pang'ono. Bambo atatuluka m'chipatala chaka chatha anawadutsitsa choncho, ndipo anaoloka bwinobwino, nthawi n'kutsalako.

Anagwada n'kuyang'ana njanji. Pamalo amodzi, pafupi ndi chipilala, m'mbali mwake munali monyezimira ngati mokwechedwa tsiku ndi tsiku. Simenti ya pomwepo inali ndi timadontho takuda ta labala ya kunsonga kwa ndodo, tambirimbiri, towunjikana pamodzi. Pamenepo munthu ankachedwapo.

Alamu ake, akazi a achimwene aja, Nasipanala anakawapeza kuseri kwa khitchini akuchikicha malaya a bambo m'beseni. Magazi anali atakana kuchoka pakolala. Sanadikire kufunsidwa. Anati dzulolo anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala, sanamve kalikonse, mpaka mayi wina wodutsa mumsewu anachita kukuwa. Anawapeza apongozi awo ali chagada, ndodo ili uko, geti litabwerera lokha n'kuima ngati silikudziwapo kanthu. Anawadzutsa okha, ndipo munthuyo ndi chimphona, matenda sanamuchotse mafupa.

"Alamu, inu mumabwera ndi masipanala anu, mukamwa tiyi n'kumapita. Achimwene anu amatuluka m'mawa, kubwera madzulo. Wotola munthu pansi ndine."

Anafinya malayawo n'kuwabwezeranso m'madzi. Anati bodzalo nawonso silikuwakomera, koma atani? Iwo ndi obwera pabanjapo, pakamwa pawo m'pang'ono. Angaime bwanji pamaso pa apongozi n'kunena kuti lero simutuluka? Ndipo tsiku lina akadzagwera pamsewu galimoto ikubwera, abale onse adzafunsa funso limodzi, loti mayi wa pakhomo anali kuti.

Nasipanala anabwera kuseriko atanola lilime, koma anasowa pobaya. Zonse zinali zoona. Iye pakhomopo ankafika ngati mame, dzuwa likakwera n'kusowa. Anangoti chabwino, achita zimene auzidwa. Koma anawafotokozera kuti mota yamtundu umenewo siitha kuiwala rimoti imodzi yokha. Imaiwala zonse nthawi imodzi, kenako umaiphunzitsanso imodziimodzi, mwini wake kapena wina aliyense akudina. Choncho ankafuna marimoti onse a pakhomopo. Alamu anapukuta manja n'kumupatsa yawo, ndi ina yapadera imene inkakhala pamwamba pa firiji. Ya achimwene inali itapita nawo kumsonkhano. Nasipanala anakumbukira zimenezo, koma anati za madzulo ziona madzulo.

Anagwada pa mota, n'kukanikiza kabatani ka m'kati mpaka kanyali kofiira kanaphethira mofulumira n'kuzima. Motayo tsopano sinkadziwa munthu aliyense. Anaidzutsanso kuti iphunzire. Anadina ya alamu, kanyali kanavomera. Anadina ya pafiriji, kanavomeranso. Ndipamene anamva kumbuyo kwake: go, khwee, go, khwee. Ndodo, kenako phazi.

Anali ataiwala kuti tsiku loika getilo bambo anakhala pampando pambali pake kuyambira m'mawa, kufunsa za waya aliyense. Dalaivala wakale akaona makaniko akusonkhanitsa makiyi amadziwa chimene chikuchitika. Bambo anadutsa bwalo lonselo okha, anaima, anatsamiritsa ndodo pantchafu, n'kuvula chingwe cha pakhosi ndi dzanja labwinolo. Chingwecho chinakola pulasitala, iwo anatsinya nkhope koma sanadandaule. Anatambasula dzanja.

"Ndabwera pamzere. Kapena ofesi yatseka?"

Kanyali kankaphethira, kudikira rimoti ina. Bodza linali lokonzeka kale m'kamwa, lalifupi, losavuta: iyi yakalamba ababa, siigwiranso. Akanatha kuitenga, kudina chammbali, n'kupukusa mutu. Koma munthu amene anaima pamenepo ndi yemwe anamulowetsa kunsi kwa lole ali kamtsikana, n'kumuuza kuti redieta ikakukanika uzimuuza mwini wake, usamate ndi sopo kuti akafere kutsogolo. Kanyali kanatopa kudikira n'kuzima.

"Ababa, rimoti yanu sinafe. Achimwene ati ndiifufute, ndikuuzeni kuti yafa. Kufufutako ndafufuta kale. Bodzalo ndiye landikanika."

Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono. Anatembenuzira mutu kukhomo la khitchini, kumene alamu anaima manja akudontha madzi.

"Apongozi, nanunso?"

"Nanenso, ababa," anatero alamu. Mutu anaweramitsa, koma mawu sananjenjemere. "Msana wanga ukadali kuwawa."

Bambo anayambanso za geti, kuti ndi limene linalakwa, kuti ana a masiku ano chitsulo chikalakwa amamanga munthu. Nasipanala anawasiya amalize. Kenako ananena kuti getilo waliyesa mbali zonse, silinafulumire, linadikira monga mwa masiku onse. Anamasulanso loko wa mota, n'kulikankha ndi manja mpaka kumapeto kuti lisasunthe ngakhale pang'ono.

"Dutsani ndione, monga tinachitira chaka chatha."

Anakana. Anati iwo si mwana wa sukulu yoyendetsa galimoto kuti aziyesedwa mayeso ndi munthu amene anamusintha matewera. Nasipanala anati akudziwa, koma iye sasiya geti pakhomo pa munthu asanaone woyenda mochedwa akudutsa, ndipo lamulolo sanaliswerepo kasitomala aliyense, saliswera bambo ake. Akapanda kudutsa, rimoti ikhala chingwe chokongoletsa pakhosi. Anayang'anana kwa kanthawi. Onse awiri anali ndi chibwano chimodzi, ndipo mayi awo ali moyo ankati kukangana kwa awiriwa kuli ngati kumenyanitsa miyala.

Bambo anavalanso chingwe chija n'kunyamuka. Mpaka panjanji anayenda bwino, mutu uli m'mwamba. Ndodo inaoloka. Phazi lamanja linaoloka. Lamanzere linafika n'kugunda. Njanjiyo kutalika kwake sikunkaposa chala chachikulu cha kudzanja, chinthu chimene anthu onse pakhomopo ankachilumpha osachiona. Anakoka phazi m'mbuyo, n'kuyesanso. Linagundanso pomwe paja ponyezimira. Anayesa chammbali. Thukuta linayamba kutsika kuseri kwa khutu. Alamu anasuntha kuti akawagwire, Nasipanala anawakoka mkono.

Kenako bambo anachita chimene sankafuna munthu aone. Anatsamira chipilala ndi phewa, anakoleka ndodo pamkono wodwalawo, anawerama, n'kugwira thalauza pabondo ndi dzanja labwino. Anaukweza mwendo wawo womwe ngati thumba la simenti, n'kuuponya kutsidya. Nasipanala sanafunike wotchi. Geti likanakhala pa mota, bwenzi litafika kalekale.

Anaima kunja atawafulatira, akupuma mwaphuma.

"Mwaona. Giya yakana."

Osatembenuka, anati zinayamba nthawi ya mvula. Poyamba phazi linkangokhudza, kenako linayamba kukana. Nzeru ya thalauzayo anaipeza okha, ndipo inkagwira, kungoti dzulo nsalu inapulumuka m'manja geti lili m'njira. Anati ankadikira apongozi apite kuseri kukayanika kapena alowe kubafa, kuti pasakhale woona munthu wamkulu akunyamula mwendo wake ndi manja.

Alamu anakwiya, ndipo Nasipanala anali asanawaonepo atakwiyira apongozi awo.

"Ndiye mumachita kudikira dala kuti ine ndichoke? Ine kudziimba mlandu kuti sindinamve, kani munachita kusankha nthawi yoti ndisamve?"

 Bambo anayang'ana kukona, kumene womata matayala ankaviika chubu m'bafa la madzi, benchi ili yokha pambali pake.

"Ngati n'kutseka, tsekani, nyumba ndi yanu. Koma pabenchi paja ndimakhala dalaivala. Muno ndimakhala wodwala."

 Nasipanala anagwada n'kuyeza njanji ndi zala, kenako ananena zimene angathe, mmene amauzira kasitomala aliyense, osakometsa. M'galimoto anali ndi chidutswa cha chitsulo chokhala ndi timizere toletsa kuterera. Angachidule pawiri n'kuika uku ndi uku kwa njanji, chotsetsereka, kuti phazi lizikwera lokha, pakati n'kungosiya mpata wa wilo la geti. Angaike timaso tina cham'kati, totsika, toona munthu osati galimoto. Rimoti ya bambo angaitchere kuti izingotsegula mpata wa munthu mmodzi, ndipo geti lisayambe kuwerenga nthawi mpaka njira itayera. Zimenezo angathe lero lomwe. Koma msewu wa kunjako sangauwotcherere, ndipo mwendo alibe sipanala yake.

Anatembenukira kwa alamu.

"Wotola munthu pansi ndinu. Mukati ayi, ndi ayi, ndipo owauza bambo tikhala ine ndi achimwene, osati inu."

Alamu anapukuta manja pachitenje, ngakhale anali atauma kale. Anayang'ana njanji, anayang'ana nsapato yamanzere ya apongozi awo, imene kutsogolo kwake kunali kutaperepeseka mpaka kuyera. Anali akuipukuta sabata ndi sabata, n'kumati ndi zikopa za masiku ano. Kenako anafunsa ngati geti lingathe kuwauza likatseguka. Nasipanala anati lingathe. Pa mota panali potulukira waya wa nyali yoyaka geti likamayenda, ndipo wayayo angamupititse kukhitchini n'kumangirirako belu.

"Belu?" anatero bambo, atatembenuka tsopano. "Ngati ng'ombe?"

"Chingwe muli nacho kale pakhosi, ababa. Chatsala ndi belu basi."

Bambo anafuna kukwiya, koma kuseka kunawatsogolera, pulasitala n'kukoka, iwo n'kugwira diso akutukwana dokotala amene anasoka ngati akusoka thumba. Alamu sanaseke nawo, anali asanamalize. Anati belu likalira azidziwa kuti munthu watuluka, likaliranso azidziwa kuti wabwera. Womata matayala apatsidwe nambala yawo ya foni. Mwendowo ubwerere kuchipatala sabata yomweyo, akauone amene amaphunzitsa anthu kuyenda. Ndipo zodikira kuti iwo apite kuseri zithe lero. Akadzangogwidwa kamodzi, rimotiyo adzaivula okha pakhosipo, upongozi uli apo.

Bambo anatsutsa chilichonse, monga munthu wogula galimoto yakale, koma anavomera chilichonse. Chimodzi chokha anakanirira: belu likalira, apongozi asamatuluke kudzaima pakhomo n'kumawaonerera. Ngati n'kuona, azionera pawindo, katani ali wotseka theka. Alamu anati zimenezo n'zotheka.

Masana onse Nasipanala anali pansi. Anadula chitsulo ndi galainda, anachipinda m'mphepete, anawotcherera timiyendo tochirikiza kunsi, anabowola simenti n'kumanga mabauti. Bambo anabweretsedwera mpando pamthunzi wa mpanda, ndipo ulemu umene unatayika panjanji anaubweza wonse pakamwa. Anati kuwotcherera kwake kukuoneka ngati zitosi za nkhuku. Anati dirilo waigwira ngati akuopa kuti imuluma. Iye ankangoti inde ababa, n'kupitiriza. Timaso tatsopano anatimangirira pa tizitsulo tiwiri cham'kati, usinkhu wa bondo. Waya wa belu anamuyendetsa m'munsi mwa mpanda, kumulowetsa m'paipi kuti makoswe asamudye, mpaka pawindo la khitchini. Belu lenilenilo linali lakale, la pakhomo la kasitomala wina amene analitaya chifukwa linkalira ngati bakha. Alamu atalimva anati ndi labwino, limveka ngakhale kuseri kwa nyumba.

Kuyesa koyamba sikunayende. Phazi linakwera bwino koma linakola mutu wa bauti, bambo n'kudzandira, ndipo ulendo uno Nasipanala ndi amene analumpha kukawagwira. Anamukankha ndi chigongono n'kumuuza kuti m'malo mogwira anthu akonze ntchito yake. Anapala mitu ya mabauti onse mpaka inafanana ndi chitsulo. Kachiwiri phazi linakwera, khwee, linadutsa kampata ka wilo, n'kutsetserekera kutsidya. Anabwerera. Anapitanso, osauzidwa. Nasipanala anaona nthawi imene anatenga, anaonjezerapo pang'ono, n'kutchera.

Sanadzinamize. Chitsulocho chikanawathandiza mwina chaka, mwina mpaka mvula ikubwerayi. Mwendowo unali paulendo wake, ndipo tsiku lina nkhani yomweyi idzabweranso, popanda chowotcherera. Koma tsiku limenelo adzauzidwa pamaso, ndi ana awo.

Anabwezera loko wa mota, anagwada, n'kudzutsa kanyali kaja.

"Ofesi yatsegula, ababa. Dinani nokha."

Anadina ndi chala chachikulu, mwamphamvu kuposa mmene pankafunikira. Kanyali kanaphethira kuvomera.

Dzuwa litapendeka, Nasipanala akukulunga mawaya, galimoto ya achimwene inafika kunja. Panadutsa kanthawi, geti lili duu. Kudzera m'mipata ya zitsulo ankawaona akudina, akugwedeza rimoti, akuitulutsa pawindo n'kuilozetsa bwinobwino. Kenako analiza hutala. Alamu anatuluka ndi rimoti yawo m'manja, koma bambo anakweza ndodo.

"Siyani, apongozi. Ndilipo."

Anadina ya pakhosi. Kukhitchini bakha analira. Geti linasuntha pang'ono, mpata wa munthu mmodzi, n'kuima.

Achimwene anadikira kuti mwina lipitiriza. Silinapitirize. Anazimitsa injini, anatsika, n'kulowa chammbali atagwira mimba, nsapato yawo ya ku ofesi ikulira pa chitsulo chatsopano. Anayang'ana pansi, anayang'ana timaso, anayang'ana chingwe cha pakhosi pa bambo, kenako mlongo wawo.

"Mzime, si ndinati..."

"Ndavomera ndine," anatero akazi awo. "Nkhani yake ndikuuzani m'nyumba. Ndi yaitali, ndipo muli ndi mbali yanu: kuchipatala mukawaperekeza ndinu."

 Panalibenso chiwongolero choti achimwene ayang'ane. Anakweza maso n'kuona pulasitala ija, koyamba chibwerereni kuchipatala, ndipo nkhope yawo inafewa ngati ya mwana. Anafunsa motsitsa mawu ngati pakuwawabe. Bambo anati pamawawa akaseka basi, ndiye lero pawawa kwambiri. Za bodza lija sanatchule, ndipo Nasipanala anadziwa kuti sadzatchula. Anangoloza ndi ndodo kubokosi la mota, limene linali likadali chivundukulire.

"Rimoti yako yafa, mwana wanga. Pita pamzere ofesi isanatseke."

Achimwene anakweza thalauza pamaondo n'kugwada pasimenti pambali pa mlongo wawo. Nasipanala anadzutsa kanyali, n'kuwauza kuti adine.